Za Luso la Ainuit a ku Canada: Miyala Yosema ndi Zithunzi Zodinda

Kumpoto kwenikweni kwa dziko la Canada, kumene mitengo simera ndipo nyanja imaundana kwa miyezi yambiri pachaka, kumakhala anthu otchedwa Ainuit. Abale awo ali ku Greenland, ku Alaska ndi ku nsonga ya kum'mawa kwa Siberia. M'mabuku akale a sukulu anthu amenewa analembedwa kuti Aeskimo, koma dzina limenelo anawapatsa ndi alendo, ndipo ku Canada linasiyidwa. M'chinenero chawo, chotchedwa Inuktitut, mawu akuti Inuit atanthauza "anthu", ndipo munthu mmodzi ndiye Inuk. Pa kalembera wa 2021 Ainuit a ku Canada anapezeka kuti angopitirira pang'ono 70,000. Ndi mtundu wochepa ndithu, komabe ziboliboli zawo za miyala ndi zithunzi zawo zodinda ziri m'nyumba zazikulu zoonetseramo zaluso, ndipo boma la Canada lakhala likuzipereka monga mphatso kwa mafumu ndi atsogoleri a maiko ena.

Luso limeneli, monga lidziwika lero, si lakale kwambiri ai. Linayamba m'chaka cha 1948, ndipo m'mbiri yake yonse muli funso limodzi limene silinathe msanga: kodi woyenera kunena chimene chiri luso lenileni la Ainuit ndani, wogula kapena wopanga?

Kusema kwa makolo

Ainuit anali osema kuyambira kalekale. Pokhala anthu oyendayenda, olondola nyama m'nyengo zake, sanathe kusenza katundu wolemera, chotero zosema zawo zinali zazing'ono, zokwana m'chikhatho. Ankasema tizidole ta ana, zithumwa, zipeso ndi tinyama ta minyanga ya walrus, nyama yaikulu ya m'nyanja. Mwala wofewa ankausema miphika ndi nyale zoyatsira mafuta a nyama. M'zaka za m'ma 1800, atafika osaka anamgumi, amalonda ndi amishoni, Ainuit anayamba kusema tinthu tosinthanitsa ndi fodya ndi tiyi. Mawu awo otchulira chosema ndiwo sanannguaq, omangidwa pa tsinde lakuti sana, ndiko kuti "kupanga", ndi mphatikira yakuti nnguaq, imene isonyeza chinthu chofanizira chinzake. Chosema tsono ndicho chopangidwa mofanizira, ndipo mawuwo sanena kanthu za ukale wake.

Pofika zaka za m'ma 1940 moyo wa mabanja ambiri unali utatsamira pa zikopa za nkhandwe zoyera, zimene ankagulitsa ku masitolo a Hudson's Bay Company. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mtengo wa zikopazo unagwa, anthu nasowa chogulira ufa ndi zipolopolo. Chifuwa chachikulu chinawagwira ambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1950 kumadera ena a kumtunda kunagwa njala imene inapha anthu. Luso latsopano linabadwira m'masautso amenewa.

Houston ndi msika wa ku Montreal

M'chaka cha 1948 mnyamata wina wojambula, James Houston, anafika ndi ndege ku Inukjuak, m'mbali mwa nyanja ya Hudson Bay. Monga anafotokozera iye mwini, ankajambula nkhope za anthu nawapatsa zithunzizo, ndipo tsiku lina munthu wina anamubwezera kachiboliboli ka mwala ka caribou, nyama yonga mphalapala. Houston anayesa kuti wapatsidwa chinthu cha makolo, koma anauzidwa kuti kasemedwa masiku omwewo. Anabwerera ku Montreal ndi zosema zingapo, nazionetsa kwa akulu a bungwe lolimbikitsa ntchito zamanja, la Canadian Handicrafts Guild. Iwo anamutumizanso kumpoto kukagula zina, ndipo mu November 1949 zosema pafupifupi 1,000 zinatha kugulidwa m'masiku atatu okha.

Boma linaona kuti apa pali njira yoti anthu adzipezere okha ndalama, lisamangowagawira chithandizo. Linalipira maulendo a Houston, ndipo masitolo a Hudson's Bay Company anayamba kugula zosema monga ankagulira zikopa. Alenje anasanduka osema. Pakuti ogula ankafuna zoika pa tebulo, zosema zinakula msinkhu, ndipo mwala unalowa m'malo mwa minyanga. Anthu ambiri amautcha mwalawo soapstone, koma wochuluka, makamaka wobiriwira wa ku Baffin Island, ndi serpentinite, umene uli wolimbirapo.

Nkosayenera kumuchepetsa Houston, pakuti popanda changu chake mabanja ambiri akadavutika koposa. Komabe kuyambira pachiyambi pomwe dzanja la wogula linali pa phewa la wosema. M'chaka cha 1951 kunatuluka kabuku kotchedwa Sanajasak, ka zithunzi zojambula Houston, kolangiza Ainuit zinthu zoyenda malonda. Mwa zina munali timbale totayiramo phulusa la ndudu, ndi zosema zofanana ndi mizati yosemedwa ya mitundu ya kumadzulo kwa Canada, zimene sizinali za Ainuit konse. Kabukuko kanadzudzulidwa ndipo pambuyo pake kanaleka kugawidwa. Koma chinatsala ndicho chithunzi chimene otsatsa malonda anaika m'mitima ya ogula, cha mlenje wosadziwa za dziko lakunja, wosema chimbalangondo m'nyumba ya chipale. Ogula anafuna mlenje wa mkondo, osati wa mfuti, ngakhale kuti Ainuit anali atagwira mfuti kwa mibadwo ingapo.

Pali chinthu china chimene munthu achiona akatembenuza chosema cha masiku amenewo. Pansi pake kawirikawiri sipapezeka dzina, koma nambala yoyamba ndi chilembo E kapena W. Akulu a boma, polephera kutchula ndi kulemba maina a Ainuit, anapatsa munthu aliyense kachikwangwani kozungulira kovala m'khosi, kokhala ndi nambala, ndipo osema ambiri ankalemba nambala imeneyo pa ntchito yawo. Ena ankalemba maina awo m'zilembo za Inuktitut, zimene chilembo chimodzi chiimira phatikizo lathunthu, zofalitsidwa ndi amishoni m'zaka za m'ma 1800. Manambalawo anayamba kutha cha m'ma 1970, pamene Inuk wina, Abe Okpik, anayendera midzi kulemba maina a mabanja. Malonda atakula, mafakitale anayamba kuumba zonamizira, chotero m'chaka cha 1958 boma linakonza chizindikiro cha nyumba ya chipale, chotchedwa Igloo Tag, chomangirira pa zosema zenizeni.

Kudinda ku Cape Dorset

Mudzi umene unatchuka koposa ndiwo Cape Dorset, pa kachilumba ka kumwera chakumadzulo kwa Baffin Island. Kuyambira 2020 dzina lake m'mabuku a boma ndi Kinngait, ndiko kuti "mapiri", monga eni ake ankautchulira kale. Houston ndi mkazi wake Alma anakhala kumeneko zaka zingapo. Iye anasimba kuti m'chaka cha 1957 wosema wina waluso, Osuitok Ipeelee, anayang'anitsitsa mutu wa mmalinyero wojambulidwa pa mapaketi a ndudu, nanena kuti wojambula mutu umodzimodzi pa paketi iriyonse ayenera kutopa nayo ntchito yake. Houston, posowa mawu a Inuktitut ofotokozera kudinda, anatenga mnyanga umene Osuitok anali atalochapo zithunzi, naupaka inki, nakanikizapo pepala lopyapyala. Chithunzi chinatuluka pa pepalalo, ndipo Osuitok anati ntchito imeneyo iwonso angaithe.

Kumapeto kwa 1958 Houston anapita ku Japan kukaphunzira kudinda kwa mmisiri Un'ichi Hiratsuka, nabwerako m'chaka cha 1959. Ku Japan amasema pa thabwa, koma kumpoto kulibe mitengo, tsono Ainuit anatenga mwala. Ntchitoyo imayenda motere. Wojambula ajambula pa pepala kunyumba kwake, nakagulitsa chojambulacho ku nyumba yodindira. Kumeneko zina zimasankhidwa. Mmisiri atsanzira mizere ya chojambulacho pa mwala wosalazidwa bwino, nasema kuchotsa malo onse osafunika inki, kotero kuti chithunzi chokha chitsala chotumphuka. Apaka inki ndi chogudubuza, ayala pepala pamwamba, nalisisita ndi dzanja kufikira inki italowa. Kawirikawiri amadinda makope 50, ndipo akatha amapala mwalawo kuti pasadindidwenso ena. Nchifukwa chake kope liri lonse liri ndi mtengo. Anatengeranso kwa Ajapani mwambo woika tizidindo pa ngodya ya pepala, koma m'tizidindomo analembamo maina a wojambula ndi wodinda m'zilembo za Inuktitut. Apa dzina la Inuk linayamba kuyenda pamodzi ndi ntchito yake.

M'chaka chomwecho cha 1959 kunakhazikitsidwa kopaletivi ya anthu a m'mudzimo, West Baffin Eskimo Co-operative, ndipo mtsogoleri wake woyamba anali mmodzi wa odindawo, Kananginak Pootoogook. Kuyambira pamenepo chaka chiri chonse kumatuluka gulu la zithunzi zatsopano. Houston anachoka m'chaka cha 1962, koma Terry Ryan, amene anafika mu 1960, anagwira ntchito ndi kopaletiviyo zaka zoposa 40. Phindu la zithunzi linathandiza kopaletivi kukhala ndi sitolo yakeyake yopikisana ndi ya Hudson's Bay Company. Midzi ina inatsatira: Puvirnituq mu 1962, Ulukhaktok mu 1965, Baker Lake mu 1970 ndi Pangnirtung mu 1973.

Kusema kunali kwambiri kwa amuna, koma pepala ndi pensulo zinatsegulira khomo akazi. Wodziwika koposa ndiye Kenojuak Ashevak, amene anabadwa mu 1927 namwalira mu 2013. Anagona m'chipatala ku Quebec City kuyambira 1952 kufikira 1955 chifukwa cha chifuwa chachikulu, ndipo atabwerako anayamba kujambula. Chithunzi chake cha 1960, The Enchanted Owl, ndi kadzidzi wa maso otong'oka, amene nthenga zake zazitali zitambasukira mbali zonse monga malawi. Wowerenga amene anakulira kumene kulira kwa kadzidzi padenga kuli malodza adzadabwa kumva kuti mbalame imeneyi inaikidwa pa sitampu ya Canada m'chaka cha 1970, koma kadzidzi wa kumpoto ndi mbalame yoyera, youluka ndi usana womwe, imene anthu aizolowera. M'chaka cha 2001 kope limodzi la chithunzichi linagulitsidwa pa msika wokwezerana mitengo pa madola a Canada 58,650. Kenojuak anali moyo, koma sanalandirepo kanthu, pakuti lamulo la pa nthawiyo silinapatse wojambula gawo pamene ntchito yake igulitsidwanso. Mu 2018 kope lina linafika madola 216,000.

Ku Baker Lake kunali Jessie Oonark, mkazi wamasiye amene anapulumutsidwa ku njala ndi ndege m'chaka cha 1958. Iye anatenga luso losoka zovala za zikopa nalisandutsa nsalu zazikulu zopachika pakhoma, zosokererapo anthu, mbalame ndi mipeni ya akazi.

Alonda a pakhomo

M'chaka cha 1961 kunakhazikitsidwa komiti yolangiza boma za luso limeneli, imene pambuyo pake inatchedwa Canadian Eskimo Arts Council. Zithunzi zodindidwa kumpoto zinkatumizidwa kwa iyo, ndipo zokhazo zimene yavomereza zinkalandira chidindo chake. Pa zaka zake zoyamba munalibe Inuk ngakhale mmodzi. Bungweli linachita zabwino zina. Linathandiza kukonza chionetsero chachikulu cha zosema chimene pakati pa 1971 ndi 1973 chinafika ku Paris, London ndi Moscow, ndipo anthu anayamba kuziyesa ntchito za amisiri, osati tizikumbutso ta alendo chabe. Koma linali mlonda wa pakhomo la eni ake, ndipo linatha mu 1989.

Pa nthawi yonseyi moyo wa Ainuit unali kusintha mofulumira. Mabanja anachoka m'misasa nakhala m'midzi ya nyumba za matabwa, ana anatengedwa kupita ku masukulu ogonera komweko, agalu okoka zileyi analowedwa m'malo ndi tinjinga ta moto toyenda pa chipale. Pudlo Pudlat wa ku Cape Dorset anayamba kujambula ndege, mahelikopita ndi mitengo ya magetsi pamodzi ndi nyama za kumpoto. Ogula ena anati zimenezi si za Ainuit. Komatu ndege ndiyo inkabweretsa makalata ndi kunyamula odwala, ndipo mwana aliyense wa kumeneko ankaidziwa bwino kuposa nyumba ya chipale. M'chaka cha 1990 National Gallery of Canada inamukonzera Pudlo chionetsero chake yekha, ndipo anali Inuk woyamba kulandira ulemu wotero m'nyumba imeneyo.

Mibadwo itatu ya banja limodzi

Kusintha konseku kuoneka bwino m'banja limodzi la ku Kinngait. Agogo ake ndiye Pitseolak Ashoona, amene anabadwa cha m'ma 1904 namwalira mu 1983. Mwamuna wake atamwalira anatsala ndi ana m'umphawi waukulu, ndipo kujambula ndiko kunamulera pa ukalamba wake. Anasiya zojambula zikwi zambiri za moyo wakale: akazi akusoka mahema a zikopa, mabanja ali pa ulendo wa m'chilimwe, ana akusewera. Iye ankajambula zimene anaziona ndi maso ake, ndipo zinangogwirizana ndi zimene msika unkafuna.

Mwana wake, Napachie Pootoogook, anajambula zonga zomwezo kwa zaka zambiri. Koma pa zaka zake zotsiriza, asanamwalire mu 2002, anayamba kujambula mbali ina ya moyo wakale umene ogula ankausirira: atsikana okwatiwa mowakakamiza, akazi omenyedwa, anthu ofa ndi njala. Pa chojambula chiri chonse ankalembapo mawu m'zilembo za Inuktitut ofotokoza chimene chinachitika. Ntchito zimenezi ndi umboni wa mkazi wonena za akazi anzake m'chinenero chake.

Mdzukulu, Annie Pootoogook, mwana wa Napachie, anabadwa mu 1969, ndipo moyo wa m'misasa sanaudziwe. Anayamba kujambula mu 1997, ndi mapensulo a mitundu. Anajambula banja likudya nyama yaiwisi pansi m'chipinda chokhala ndi koloko pakhoma, munthu atagona akuonera wailesi ya kanema, anthu akusankha zakudya m'furiji yaikulu ya m'sitolo ya kopaletivi. Anajambulanso mwamuna akumenya mkazi wake, ndi iye mwini akuswa mabotolo a mowa pa miyala. Mizere yake ndi yodekha, yosakometsera, ndipo chinthu chiri chonse cha m'nyumba, ngakhale kiyi wopachika pa msomali, chiri pamalo pake. Mphunzitsi amene anaonapo mwana akujambula nyumba ya m'buku m'malo mwa nyumba ya kwawo, pofuna kukondweretsa womuyesa, adzamvetsa kulimba mtima kumene kunafunika apa. Ambiri anakayika ngati zotere zingagulidwe. Koma m'chaka cha 2006 anachita chionetsero ku The Power Plant mu mzinda wa Toronto, ndipo chaka chomwecho analandira mphoto ya Sobey Art Award, ya madola 50,000, imene pa nthawiyo ankapikisanirana amisiri achinyamata a Canada yense. Mu 2007 ntchito zake zinaonetsedwa ku Documenta, chionetsero chachikulu cha ku Kassel, ku Germany. Sanaweruzidwenso monga wojambula wa mtundu wakutiwakuti, koma monga wojambula wa masiku ano.

Kutchuka sikunamuteteze. Anachoka kwawo nakakhala ku Montreal, kenaka ku Ottawa, kumene nthawi zina ankagona panja ndi kugulitsa zojambula zake mumsewu pa mtengo wochepa. Mu September 2016 mtembo wake unapezeka mu mtsinje wa Rideau, ali ndi zaka 47. Mu 2021 paki ina ya ku Ottawa inatchedwa dzina lake. Msuweni wake, Shuvinai Ashoona, mdzukulu winanso wa Pitseolak, anatsata njira yakeyake, yosakaniza misewu ya Kinngait ndi zirombo za m'maganizo ake, ndipo analandira ulemu wapadera pa chionetsero cha Venice Biennale mu 2022.

Eni ake atenga chiwongolero

Pang'ono ndi pang'ono mphamvu yosankha ndi kufotokoza inayamba kubwerera kumpoto. Magazini ya Inuit Art Quarterly inayamba kutuluka mu 1986, ndipo mu 1987 kunakhazikitsidwa bungwe la Inuit Art Foundation, limene mu 2017 boma linalipatsa ulamuliro wa chizindikiro chija cha Igloo Tag. Pa 1 April 1999 kunabadwa chigawo cha Nunavut, m'mene Ainuit ndiwo ochuluka. Luso lomwe linaleka kukhala la mwala ndi pepala lokha. Zacharias Kunuk wa ku Igloolik anagulitsa zosema zake ku Montreal mu 1981 nagula kamera ya kanema, ndipo filimu yake ya Atanarjuat, yosewera Ainuit m'chinenero cha Inuktitut kuyambira poyamba kufikira pomaliza, inapambana mphoto ya Caméra d'Or ku Cannes mu 2001. Gulu lake, Isuma, ndilo linaimira Canada ku Venice mu 2019. Ku Kinngait, nyumba yatsopano yodindira, yotchedwa dzina la Kenojuak, inatsegulidwa mu 2018.

Mavuto sanathe ai. Mwala umakumbidwa kutali ndi midzi, nubwera pa mabwato m'miyezi yochepa imene nyanja yasungunuka, ndipo fumbi lake limawononga mapapo a osema. Ogula ali kummwera, ndipo mtengo umene wosema alandira kumudzi ndi gawo chabe la umene ulembedwa m'sitolo ya ku Toronto. Chimbalangondo chovina chikali kuyenda malonda kuposa chosema chonena za sukulu yogonera komweko.

Mu March 2021 Winnipeg Art Gallery inatsegula nyumba yatsopano ya luso la Ainuit, imene osunga zinenero za eni dziko anaipatsa dzina lakuti Qaumajuq, ndiko kuti "kwawala". Musungidwa ntchito pafupifupi 14,000. Chionetsero chake choyamba, INUA, anakonza ndi Ainuit anayi, motsogoleredwa ndi Heather Igloliorte wa ku Nunatsiavut, ndipo munali zosema, zovala, mafilimu ndi zithunzi za kamera. Munthu akangolowa pakhomo akumana ndi nkhokwe yaitali ya magalasi, yokwera kupyola nsanjika zingapo, m'mene zosema zikwi zingapo zandanda pa mashelefu poonekera aliyense. Zambiri ziri ndi maina a ozisema ndi midzi yawo. Zina, makamaka za zaka zoyambirira zija, zinalembedwa kuti wosema wake sadziwika, ndipo Ainuit ochokera kumpoto akafika ku Winnipeg amaima pa magalasiwo kufunafuna ntchito za agogo awo.